Mmene mungasetere managed switch pa software yake osadzitsekera kunja

Tiyambe taona kaye ngati switch muli nayoyo, bokosi lija lolumikiza zida za pa netiweki ndi zingwe, ndi yoti n'kusetedwa, chifukwatu si zonse. Pali zija amati unmanaged, umangoyatsa magetsi n'kusomeka zingwe basi, zilibe IP adiresi, zilibe peji yolowera, palibe chomwe mungasinthe olo mutalimbana nazo bwanji. Nde pali zapakatikati zomwe kampani iliyonse imazipatsa dzina lake, TP-Link imati Easy Smart, Netgear imati Plus, ena amangoti web smart, izi zimakhala ndi peji ya pa browser kapena kapulogalamu koika pa Windows. Kenako zikuluzikulu zija zomwe zili ndi zonse, peji ya pa browser, SSH, console port, SNMP ndi zina zotero. Zomwe ndikufotokoza apazi ndi za magulu awiri omalizawa. Ma menu amasiyana kampani ndi kampani, koma ntchito yake ndi imodzimodzi, ndipo chomwe chimagwetsa anthu ambiri ndi ndondomeko, munthu amasintha chinthu chomwe chikudula njira yomweyo imene akulowera mu switch. Ndiye tsatirani mmene ndazisanjira, musalumphe kuthamangira ku ma VLAN.

Poyambira: switch ikhale payokha

Itembenuzeni muone kapepala kali pansi kapena kumbuyo. Lembani penapake model, hardware version ndi MAC adiresi, nthawi zina IP ndi pasiwedi yoyambira zimalembedwanso pompo. Zikapanda kulembedwa, zodziwika ndi izi: TP-Link Easy Smart imabwera ndi 192.168.0.1, dzina admin pasiwedi admin. Netgear Plus ikapanda kupeza DHCP, njira yomwe rauta imagawira zida ma adiresi, imakhala pa 192.168.0.239 ndipo pasiwedi yake ndi mawu oti password. Za D-Link zambiri zili pa 10.90.90.90, pomwe za Cisco za mabizinesi ang'onoang'ono zija za SG zili pa 192.168.1.254, dzina cisco pasiwedi cisco.

Mwaiona 192.168.0.1 ija eti? Ma rauta ambiri amagwiritsanso ntchito adiresi yomweyo. Mukangoisomeka switch yatsopano pa netiweki yomwe anthu akugwirirapo ntchito, zida ziwiri zitha kuyamba kulimbirana adiresi imodzi, intaneti n'kumabwera n'kumapita. Nde ulendo woyamba tengani chingwe chimodzi chokha, mbali ina mu laputopu, mbali ina mu switch, ndipo sankhani port yomalizira, ngati ili ya ma port 8 lowetsani pa 8. Chifukwa chake muchiona kutsogoloku. Zimitsaninso Wi-Fi pa laputopupo kuti isamasocheretse.

Laputopu ndi switch zikhale mu subnet imodzi

Popeza palibe rauta yogawa ma adiresi, laputopu muipatse nokha IP ya mu subnet imodzi ndi switch, kutanthauza gulu limodzi la ma adiresi. Pa Windows dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani ncpa.cpl, dinani kumanja pa Ethernet, Properties, kenako Internet Protocol Version 4, musankhe zolemba nokha adiresi. Ngati switch ili pa 192.168.0.239, laputopu ikhale 192.168.0.50 ndi mask 255.255.255.0, gateway siyani popanda kanthu. Ya D-Link ija mulembe 10.90.90.50 ndi mask 255.0.0.0. Tsegulani Command Prompt mulembe ping ndi adiresi ya switch. Ikayankha, tsegulani browser mulembe adiresiyo pamwamba paja.

Ikakana kuyankha musathamangire kuganiza kuti yafa. Onani ngati kagetsi ka pa port kayaka, yesani chingwe china. Ngati switch ndi yoti inagwirapo ntchito kwina, ndiye kuti ili ndi IP ina yomwe simukuidziwa, apa ndi pamene kapulogalamu ka kampani kamathandiza, monga Easy Smart Configuration Utility ya TP-Link kapena Switch Discovery Tool ya Netgear. Timapulogalamu timeneti timafuula pa chingwe ponse kufunsa kuti kuli switch yanji kuno, nde timaipeza olo ma subnet asakugwirizana. Koma firewall ya pa laputopu imakonda kutitsekereza, mukaona kuti sikakupeza kanthu kapatseni chilolezo kaye.

Browser ikakuchenjezani kuti certificate ndi yosadalirika musadabwe, switch imadzipangira yokha certificate imeneyo. Pitirizani.

Pasiwedi, kenako firmware

Mukangolowa sinthani pasiwedi pompo, zatsopano zambiri zimakukakamizani kale. Ma pasiwedi ndatchula pamwambawa aliyense angawapeze pa intaneti mu mphindi imodzi. Onetsetsani kutalika komwe switch ikulola, zina zotchipa zili ndi malire a zilembo ndipo zimakana zizindikiro zina.

Firmware, pulogalamu yomwe imayendetsa switch mkati mwake, ichiteni update pano musanasete china chilichonse. Chifukwa chake ndi choti update nthawi zina imasintha ma menu kapena imafuna kuti muchite reset pambuyo pake, nde kuli bwino izi zichitike switch ilibe kanthu. Pitani pa webusayiti ya kampani yomwe inapanga, fufuzani model yanu, ndipo samalani kwambiri hardware version, chifukwa model imodzi imatha kukhala ndi V2, V3, V5 ndipo fayilo ya V3 si yoti muyiike mu V5. Mukadina Upgrade isiyeni imalize, osazula magetsi, osatseka browser, osagwira chingwe. Magetsi akaduka ili pakati polemba, switch yaing'ono itha osadzukanso. Zikuluzikulu zimasunga ma image awiri a firmware kuti imodzi ikawonongeka idzukire pa inayo, pa zimenezo kumbukirani kusankha kuti idzukire pa yatsopano, apo ayi muzadabwa kuti version sinasinthe.

IP yokhazikika ndi nkhani yoseva

Pitani pa System kapena IP Setting, zimitsani DHCP, muipatse adiresi yokhazikika ya mu netiweki yanu. Sankhani yomwe ili kunja kwa gulu lomwe rauta imagawa. Ngati rauta ili 192.168.1.1 ndipo imagawa kuyambira 100 mpaka 200, switch ikhale 192.168.1.2. Gateway ikhale rauta. Ipatseninso dzina lomveka lofotokoza pomwe ili, mukazakhala ndi ma switch angapo muzandithokoza.

Mukadina Apply peji iuma. Sinawonongeke, yangosamukira ku adiresi yatsopano pomwe laputopu yanu idakali ku yakale. Bwererani ku ncpa.cpl musinthe laputopu ikhale 192.168.1.50, mulowenso pa adiresi yatsopano.

Apa pali msampha womwe umagwira ngakhale akatswiri. Pa ma switch ambiri Apply si kuseva. Apply imangoika zosinthazo mu memory yomwe imafufutika magetsi akazima, yomwe amati running config. Kuti zikhalitse muyenera kudina Save Config, kapena kabatani kakang'ono ka Save komwe kamakhala pakona pamwamba, kapena pa Cisco kulemba copy running-config startup-config. Zina zing'onozing'ono zimaseva zokha. Njira yodziwira yanu ndi kuyesa, sinthani dzina, dinani Apply, izimitseni n'kuyiyatsanso, muone ngati dzinalo lilipo. Koma khalidwe limeneli lilinso ndi ubwino wake, mukasintha chinthu chowopsa musasevenso kaye, chikakutsekerani kunja mungozula magetsi n'kubwezeretsa, switch ibwerera pomwe munasevera komaliza.

Timazing'ono tofunika: ikani nthawi kudzera pa SNTP, yomwe imatenga nthawi pa netiweki, ngati ilipo, chifukwa log yopanda deti lolondola siikuthandizani kalikonse tsiku lomwe mukufufuza vuto. Port iliyonse ilembeni dzina la chomwe chalumikizidwapo. Speed ndi duplex siyani pa auto. Ma port osagwiritsa ntchito atsekeni, kupatula 8 ija.

Ma VLAN, apa khalani pansi

VLAN ndi kugawa switch imodzi kuti ikhale ngati ma switch angapo osaonana. Makamera kwaokha, makompyuta a antchito kwaokha, Wi-Fi ya alendo kwayokha. Mu menu mutha kupeza mitundu iwiri, Port Based VLAN ndi 802.1Q VLAN. Sankhani 802.1Q, chifukwa ndi yomwe imamvana ndi rauta, access point (chida chopereka Wi-Fi) ndi ma switch ena. Inayo imathera mkati mwa switch yomweyo basi. Dziwaninso kuti kuyatsa mtundu wina kumafufuta zomwe munaseta mu mtundu winawo.

802.1Q imagwira ntchito poonjezera kachizindikiro ka ma byte 4 pa frame iliyonse (phukusi la data loyenda pa chingwe), komwe amati tag, ndipo mkati mwake muli nambala ya VLAN, kuyambira 1 mpaka 4094. Zili ngati katundu wa anthu ambiri mu galimoto imodzi, thumba lililonse lalembedwa dzina kuti pofika asasokonezeke. Chingwe chomwe chikunyamula ma VLAN angapo chimafunika tag. Koma kompyuta wamba, printa ndi kamera sizidziwa za tag, zimafuna frame yopanda chizindikiro. Nde port iliyonse mu VLAN iliyonse imakhala pa chimodzi mwa zitatu: tagged, untagged, kapena siili membala n'komwe.

Musanadine kalikonse jambulani papepala. Tiyerekeze chonchi, VLAN 10 ya antchito, VLAN 20 ya makamera, VLAN 30 ya alendo. Port 1 ikupita ku rauta. Port 2, 3 ndi 4 ndi makompyuta. Port 5 ndi 6 makamera. Port 7 access point yomwe ili ndi ma Wi-Fi awiri, ya antchito ndi ya alendo. Port 8 ndi khomo lanu lopulumukira, imeneyo musaikhudze, ikhale untagged mu VLAN 1 mmene inabwerera ndipo laputopu yanu ikhale pomwepo mpaka mumalize.

Pangani VLAN 10, port 1 ndi 7 muziike tagged, port 2, 3, 4 untagged. Pangani VLAN 20, port 1 tagged, 5 ndi 6 untagged. Pangani VLAN 30, port 1 ndi 7 tagged basi. Port 1 ndi 7 zisiyeninso untagged mu VLAN 1 kuti rauta ndi access point zizifikirika poseta.

Apa anthu ambiri amaganiza kuti amaliza, koma pali peji ina yotchedwa PVID. Untagged ija imangouza switch chochita ndi frame ikamatuluka pa port, kuti ichotse tag. PVID ndi yomwe imanena kuti frame yopanda tag ikamalowa kuchokera ku kompyuta iikidwe mu VLAN iti. Mukaiwala, port 2 ikhala ikulandira za VLAN 10 koma chilichonse chomwe kompyutayo ikutumiza chizigwera mu VLAN 1, zotsatira zake kompyuta itenga adiresi ya netiweki yolakwika, kapena siipeza DHCP n'komwe ndipo muiona yadzipatsa adiresi yoyamba ndi 169.254. Nde pitani pa PVID, port 2, 3, 4 ikani 10, port 5 ndi 6 ikani 20, port 1, 7 ndi 8 zikhale pa 1. Mukatero bwererani ku VLAN 1 muchotsemo port 2 mpaka 6. Tsatirani ndondomeko imeneyi, PVID kaye kuchotsa pambuyo, chifukwa ma switch ngati a Netgear amakana kuchotsa port mu VLAN yomwe idakali PVID yake. Pa Cisco ndi zofanana nazo zonsezi zimabisika mu mawu awiri, access pa port ya chida chimodzi ndi trunk pa port yonyamula ma VLAN ambiri, ndipo PVID ya trunk amaitcha native VLAN.

China chomwe muyenera kudziwa, switch ya layer 2 imangogawa, siilumikiza ma VLAN ndipo siipereka intaneti. Rauta yanu iyenera kudziwa ma VLAN 10, 20 ndi 30 pa port yomwe chingwe cha switch chikufikira, iliyonse ndi subnet yake ndi DHCP yake, mwachitsanzo 192.168.10.0, 192.168.20.0 ndi 192.168.30.0. Rauta yomwe siidziwa 802.1Q siingathe ntchito imeneyi, ndipo zikatero zida za mu VLAN zizionana zokhazokha popanda intaneti. Komanso ma rauta ena amalola ma VLAN kulankhulana mpaka mutaika lamulo la firewall loletsa, nde osangoganiza kuti alendo atsekeredwa, tengani foni mulowe pa Wi-Fi ya alendo muyese kuchita ping kamera. Ikayankha ntchito sinathe.

Yesani port imodziimodzi. Laputopu muibweze pa DHCP, someka pa port 2, muone ngati yatenga 192.168.10 chakuti, kenako port 5. Zikayenda sevani. Nkhani ya Management VLAN, yomwe imasankha VLAN yolowera mu switch, ichiteni pomaliza penipeni ngati mukuifuna. Onetsetsani kaye kuti pali port yomwe ili untagged mu VLAN yatsopanoyo ndi PVID yolondola, apo ayi mukangodina Apply switch yakutsekerani chitseko.

Loop

Munthu akatenga chingwe chimodzi n'kusomeka mbali zonse ziwiri mu switch yomweyo, kapena ma switch awiri akalumikizidwa ndi zingwe ziwiri, ma broadcast, mauthenga opita kwa zida zonse, amayamba kuzungulira osatha chifukwa frame ya Ethernet ilibe choiletsa kuti yazungulira mokwanira. Timagetsi tonse timaphethira limodzi mothamanga, netiweki yonse n'kuima. Yatsani Spanning Tree, yomwe imatseka njira yowonjezerayo kuti pasakhale loop, ndipo musankhe RSTP ya 802.1w osati STP yakale ya 802.1D yomwe imatenga masekondi 30 mpaka 50 kuti ipeze njira ina. Ngati muli ndi ma switch angapo, yomwe ili pakati pafupi ndi rauta ichepetsereni bridge priority, nambala yosankhira switch yotsogolera zinzake, zonse zimabwera ndi 32768 ndipo nambala yochepa ndi yomwe imapambana, ikani 4096. Mukapanda kutero wopambana amasankhidwa potengera MAC adiresi, nde kaswitch kakale ka pakona katha kukhala mfumu ya netiweki yonse. Ma port a makompyuta aikeni edge port kuti asamachedwe kudzuka. Zing'onozing'ono zilibe Spanning Tree, zili ndi Loop Prevention kapena Loop Detection, yatsani yomweyo, bola kusiyana ndi kukhala opanda.

LAG, PoE ndi zina

Ngati mukufuna zingwe ziwiri zigwire ntchito ngati chimodzi kupita ku seva kapena switch ina, ndi LAG. Setani mbali zonse ziwiri kaye, chingwe chachiwiri musomeke pomaliza, mukayamba ndi kusomeka mwapanga loop ija. Sankhani LACP, mtundu wa LAG womwe mbali ziwirizo zimagwirizana zokha, ngati mbali zonse zili nayo, zina zotchipa zili ndi static yokha ndipo static siimvana ndi LACP. Musayembekezere kuti fayilo imodzi izikopeka ndi liwiro lowirikiza, kukopa kumodzi kumayenda pa chingwe chimodzi, phindu limaoneka anthu akachuluka.

Pa PoE, magetsi omwe switch imapereka kudzera mu chingwe cha netiweki, muyang'ane manambala awiri. Yoyamba ndi ya port imodzi, 802.3af imapereka mpaka 15.4 W, 802.3at mpaka 30 W, 802.3bt imafika 90 W. Yachiwiri ndi ya switch yonse, yomwe amati power budget. Switch ya 60 W yokhala ndi makamera 8 a 10 W iliyonse siikwanitsa, ndipo vutolo limakonda kuonekera usiku makamera akayatsa infrared n'kuyamba kudya magetsi ambiri. Ikani priority yapamwamba pa zida zofunika kuti mphamvu ikapelewera zizime zinazo. Ndipo kamera ikauma simufunika makwerero, zimitsani PoE pa port yake mu software n'kuyatsanso.

QoS, yosankha data yodutsa koyamba, musavutike nayo pokhapokha muli ndi mafoni a VoIP oyimbira pa netiweki, pamenepo sankhani DSCP chifukwa mafoni ambiri amalemba mawu ndi nambala ya DSCP 46, switch izingowapatsa mpata woyamba. IGMP snooping yatsani ngati pali IPTV kapena zina za multicast. Jumbo frame za ma byte 9000 zisiyeni, pokhapokha zida zonse za pa njirayo mwaziseta chimodzimodzi.

Kuiyang'anira ikayamba ntchito

Tsekani Telnet, imatumiza pasiwedi poyera, gwiritsani SSH ndi HTTPS ngati zilipo. SNMP, yomwe mapulogalamu oyang'anira netiweki amafunsira switch, ngati simukuigwiritsa ntchito izimitseni, ngati mukuifuna sankhani v3, kapena musinthe community, yomwe ili ngati pasiwedi yake, ija imabwera yolembedwa public. Ndipo chonde musatsegule port pa rauta kuti muzilowa mu switch kuchokera pa intaneti, dzerani pa VPN.

Peji yomwe muzikaiona pafupipafupi ndi ya Port Statistics. Port ya gigabit ikamaonetsa 100M, kawirikawiri ndi chingwe, chifukwa gigabit imafuna mawaya onse 8 pomwe 100M imayenda ndi 4 okha, nde waya mmodzi akaduka liwiro limatsika mwakachetechete. Ma CRC error, ma frame ofika atawonongeka, akamakwera ndi chingwenso kapena mutu wake wophanidwa molakwika, kapena chadutsa mamita 100. Cable Test imatha kukuuzani kuti chaduka pa mtunda wanji, koma imadula kaye kulumikizana pa port imeneyo, nde osayesa pa port yomwe mukulowera. MAC address table imakuuzani kuti chida chakuti chili pa port iti, osafunikanso kutsata zingwe m'khoma. Vuto likakula gwiritsani port mirroring, imakopera zonse zodutsa pa port ina kupita ku port ya laputopu yanu kuti muzione ndi pulogalamu ya Wireshark, mukamaliza muizimitse.

Zonse zikakhala bwino pitani pa Backup mutsitse fayilo ya config, dzina lake likhale ndi dzina la switch ndi deti, ndipo muzitero musanasinthe chachikulu chilichonse. Muisunge pabwino chifukwa mumatha kukhala ma pasiwedi.

Ikakutsekeranibe kunja, yambani ndi kuzula magetsi ngati simunaseve. Zikakanika someka laputopu pa port 8 ndi IP yolemba nokha. Ngati ili ndi console port tengani chingwe cha console ndi pulogalamu ya PuTTY, sankhani Serial, liwiro 9600 pa ma Cisco Catalyst ambiri, zina zimafuna 115200, njira imeneyi siidalira IP kapena VLAN nde imalowa basi. Chomalizira ndi kabowo ka Reset, kanikizani ndi kawaya kwa masekondi angapo switch ili yoyaka mpaka timagetsi tisinthe, zonse zifufutika ibwerere ku IP ndi pasiwedi za kufakitale. Mukalowa pitani pa Restore muike fayilo ya backup, koma ikhale ya model yomweyo komanso firmware yofanana kapena yoyandikana, ya model ina imakanidwa kapena imasokoneza manambala a ma port.